5G, 6G ndi kambudzi ka agogo: meseji yanu imadutsa kuti kwenikweni?

Chiyambireni ntchito yokwera nsanja za netiweki, zija kuno ku Harare timangoti mabusta, ndasanduka munthu wofunsidwa mafunso paliponse. Ku tchalitchi, pa maliro, mu kombi yopita ku Mufakose, munthu akangodziwa ntchito yanga basi wayamba: 5G ija ndi chani kwenikweni achimwene, nanga bwanji foni yanga ikulemba 4G koma meseji ya pa WhatsApp yangoima ndi kawotchi osapita? Nde ndati ndilembe pano kamodzi kuti wina akandifunsanso ndizingomuponyera linki, ine ndizidya nsima yanga mwamtendere.

Makampani akamatsatsa amakonda kukamba za liwiro, eti filimu yonse kudawunilodi m'masekondi ochepa. Zabwino ndithu. Koma ife a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Epworth, omwe theka la mtundu wathu lili ku Dedza, Ntcheu, Mangochi uko, chimene timafuna pa foni ndi chakuti uthenga ufike. Wa maliro, wa matenda, wakuti ndalama ndatumiza kakatengeni. Ndipo mbali iyiyi ya netiweki nde imene ikusintha kwambiri mkati, pomwe anthu sakuyang'anapo.

Tiyambe ndi SMS, kameseji kachikale kaja. Yoyamba inatumizidwa pa 3 December 1992 ku Britain pa netiweki ya Vodafone, injiniya wina dzina lake Neil Papworth analemba pa kompyuta mafuno abwino a Khisimisi kupita ku foni ya bwana wina wa kampaniyo. Chomwe ambiri sadziwa nchakuti SMS sinapangiridwe msewu wakewake ayi. Foni iliyonse olo ili phee m'thumba imakhala ikunong'onezana ndi nsanja, kuiuza kuti ndili pano, ndasamukira uku, kodi pali ondiimbira. Kanjira ka manong'onong'o kameneka nde anaona kuti kamakhala ndi mpata, nkuyamba kukwezamo timameseji. Zili ngati kalata ija timapatsira kondakitala wa basi ya ku Blantyre pa Roadport, basi sinanyamukire kalatayo koma poti ikupita konko imangoitenga. Mpata wake ndi ma byte 140 basi, nchifukwa chake zilembo zimathera pa 160.

Apa pali kanthu kotikhudza ife olemba Chichewa. Zilembo 160 zija zimatheka ngati mukugwiritsa ntchito zilembo zomwe zili pa mndandanda wa GSM (muyezo wa netiweki ya 2G), womwe anaupanga poganizira zilankhulo za ku Ulaya. Chilembo chathu cha ŵ mulibe mmenemo. Mukangolemba Malaŵi ndi kadenga kake, kapena kuika ka emoji kamodzi, foni imasintha kalembedwe ka meseji yonse nkutsala ndi zilembo 70 zokha, nde uthenga womwe ukanapita umodzi umaduka pawiri kapena patatu ndipo mayunitsi amadyeka choncho. Mafoni ena amangochotsa kadengako mwakachetechete. Mdala wina wa ku sosaite yathu ya maliro, mlembi wathu, amalemba Chichewa cha m'buku ndi tizizindikiro tonse ndipo ankadabwa kuti eyataimu ikuthera chani. Nditamuonetsa kanambala kaja kamawerenga zilembo pakona kakudumpha kuchoka pa 160 kufika pa 70 anangoti "ha, mwana iwe, nde tisiye kulemba bwino?" Ndinalibe yankho.

Meseji ikachoka pa foni simapita molunjika kwa mwini wake. Imakafikira pa makina otchedwa SMSC, iwowo amafunsa kaundula wa masimu, HLR, kuti nambala iyi ili dera liti pano. Ngati ndi nambala ya +265 funsolo limadumpha malire kukafika ku kaundula wa TNM kapena Airtel ku Malawi kudzera pa njira yakale yotchedwa SS7 yomwe inayamba m'ma 1970. Foni ikakhala yozima, SMSC imasunga meseji nkumayesayesa mpaka masiku angapo. Apa nde pagona mphamvu ya SMS. Agogo ku Ntcheu atha kukhala foni ili kotchajitsa pa wokala tsiku lonse, akangoiyatsa nkukwera pachulu paja amapezera netiweki, uthenga umagwa. Simufuna data, simufuna foni yodula, ndipo nthawi zina ndi kabaa kamodzi komwe mawu akudukaduka meseji imadutsa.

Mnzake wa SMS ndi USSD, zija timadina nyenyezi ndi manambala. EcoCash yomwe inayamba mu 2011 inakula chifukwa cha *151#, ku Malawi Mpamba ndi Airtel Money nazo chimodzimodzi. Kusiyana kwake nkwakuti USSD sisunga kanthu, ndi kukambirana kwa pompopompo, mukachedwa kuyankha imakudulani muyambirenso. Mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika ndi kambudzi kake, kafoni kakang'ono ka mabatani kaja, akulandira ndalama kudzera pa luso la nthawi ya 2G, ndipo chuma cha tsiku ndi tsiku cha mzinda uno chatsamira pamenepo kuposa mmene anthu a ma iPhone amaganizira.

Tsopano vuto likubwera apa. 2G ndi 3G zinali ndi misewu iwiri, wa mawu ndi wa data. Pofika pa 4G anati ayi zonse zikhale data, chilichonse chiziduladulidwa m'timapaketi ngati za pa intaneti. Msewu wa mawu unachotsedwa. Nde mukamaimba foni muone pamwamba paja, mafoni ambiri chilembo cha 4G chimasowa kubwera 3G kapena H kapena E, mukadula chimabwerera. Foni yatsikira kaye ku netiweki yakale kuti ikaimbe. Kuti isatsike pamafunika VoLTE, mawu kuyenda ngati data kudzera pa dongosolo lina lotchedwa IMS, ndipo kampani iyenera kukhala nalo, foni yanunso iyenera kuligwirizana nalo. SMS ndi USSD nazonso pa netiweki yatsopano sizingokwera ulere ngati kale, pamafunika munthu achite kuzikonzera malo dala.

5G inafika kuno mu February 2022 pomwe Econet inayatsa nsanja zake zoyamba mu Harare. Koma 5G ili pawiri ndipo otsatsa sanena. Pali ija amati NSA, pomwe zida za pansanja nzatsopano koma ubongo wa netiweki, core, ukadali wa 4G. Makampani ambiri padziko anayambira pamenepo chifukwa nzotchipa. Nde pali SA, yoima payokha, pomwe core nayo ndi yatsopano. Zonse zodabwitsa zomwe mumamva zija zili mu SA.

Ubongo wa 5G umandisangalatsa ineyo ngakhale ntchito yanga imathera pa nsanja. Kale chigawo chilichonse chinali chibokosi chachitsulo chakechake m'chipinda chozizira, HLR bokosi lake, SMSC bokosi lake, chikawonongeka kudikira sipeya kuchokera kunja. Mu 5G zonsezi ndi mapulogalamu oyenda pa maseva wamba ndipo amayankhulana ngati mmene mawebusaiti amachitira. Pali AMF yoona kuti foni ili kuti ndipo ndi yovomerezeka, SMF yotsegula njira ya data, UPF yomwe data yeniyeniyo imadutsamo. Ndipo a 3GPP, bungwe lolemba malamulo a zonsezi, sanaiwale kameseji kathu, anakaikira chigawo chake chotchedwa SMSF. Tangoganizani, luso la 1992 lapatsidwa mpando mu netiweki yomwe malamulo ake oyamba anatuluka mu 2018. Sanachite mwachifundo ayi, mabanki onse padziko amatumiza manambala achinsinsi pa SMS, mamita ndi zida zotsata magalimoto zambiri zimadzutsidwa ndi SMS, palibe akanalimba mtima kuitaya.

Chinanso ndi chomwe amati slicing, kugawa netiweki imodzi kukhala zigawo zingapo zosasokonezana, chilichonse ndi malamulo ake. Kunja amakamba za maloboti a m'fakitale ndi magalimoto odziyendetsa okha. Ine ndikanakhala ndi mawu ndikanati chigawo choyamba chipite ku ndalama za pafoni ndi ma ambulansi, kuti pa Khisimisi pomwe tawuni yonse ikutumizirana mavidiyo, munthu wolipira mankhwala ku famase asaime pa kauntala akudikira meseji yotsimikiza.

Za liwiro lija ndinenepo pang'ono poti pali bodza la masana. Amati 5G idzayankha mu milisekondi imodzi. Imeneyo ndi pakati pa foni ndi nsanja, zinthu zitakhala bwinobwino. Kuwala mu faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi, palibe injiniya angasinthe zimenezo. Ndipo meseji ya WhatsApp yochoka ku Mbare kupita kwa neba wa khomo lachiwiri simangodumpha mpanda, imatuluka kaye m'dziko kukafika ku maseva a Meta, kampani ya Facebook yomwe ndi eni WhatsApp, nkubwerera. Zimbabwe ndi Malawi tonse tilibe nyanja, intaneti yathu imadalira faiba yodutsa m'maiko a anzathu kukalumikiza ku zingwe za pansi pa nyanja ngati SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010 zomwe zimatulukira ku Maputo ndi ku Mtunzini ku South Africa. Mu May 2024 zingwe ziwirizi zitaduka, intaneti inakwawa m'maiko angapo a kum'mawa kuno kuphatikizapo Malawi, olo foni ikulemba mabaa onse. Nde wondifunsa mu kombi uja yankho lake nthawi zambiri ndi limeneli, 4G yomwe ukuionayo ikungokuuza kuti nsanja mukumvana, za kuseri kwa nsanjayo siikuuza. Mapulani a 5G amalola kuti UPF ija ndi maseva aziikidwa pafupi ndi anthu, ku Bulawayo, ku Mutare, osati zonse ku likulu, koma zimathandiza pokhapokha eni mapulogalamu nawo atabweretsa maseva awo kuno.

Kuseri kwa nsanja kuli chani? Bwerani ndikutengereni pa imodzi. Mpanda wa waya, geti la maloko awiri, mlonda ndi kambaula kake. Mkati kabati yachitsulo yomwe ukaitsegula kumatuluka mpweya wotentha ndi phokoso la mafani, pansi pake mabatire a ma volti 48 atatsekeredwa mu khola lachitsulo lowotcherera chifukwa akuba amawafuna kukaika pa sola kunyumba. Pambali jenereta ndi thanki ya dizilo. Pamwamba ma antena atatu aataliatali oyang'ana mbali zitatu, ndi kang'oma koyera kozungulira kaja, kameneko nde kamatumiza zonse ku nsanja ina ngati faiba sinafike. Magetsi akapita m'mawa kubwera usiku ngati mmene zimakhalira madzi akachepa ku Kariba, mabatire amagwira maola angapo, jenereta nkulandira, dizilo akatha basi dera lonse zii. Ndipo nsanja imodzi ikagwa imatha kugwetsa zinzake zingapo zomwe zimadutsira pa iyo. Ndakhala ndikufika pa saiti alamu ikulira kuofesi ngati kuti chida chodula chapsa, kupeza kuti ndi dizilo anapopedwa usiku.

Nde 5G yothamanga ija imagwiritsa ntchito mafunde a m'mwamba, cha m'ma 3.5 GHz, omwe safika patali ndipo amavutika kuboola khoma poyerekeza ndi 900 MHz ya 2G. Kutanthauza nsanja zambiri zoyandikana, iliyonse ndi njala yake ya magetsi ndi faiba yake. Mu Borrowdale ndi mkati mwa tawuni ndalama yake ibwerera. Ku Mutoko kapena ku Kasumbu, kaya. Ndikamva za 6G, yomwe bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, ITU, linaitcha IMT-2030 ndipo akuti iyambe cha m'ma 2030, ndimafuna ndimve kaye kuti nsanja yake idzadya magetsi ochuluka bwanji. Zina zija za nzeru zopangira ndi netiweki yotha kuzindikira zinthu zoyenda ngati radar tidzakamba zikadzafika.

Tibwerere ku mameseji. Kuno WhatsApp nde intaneti yeniyeni ya anthu ambiri, munthu amagula bandulo ya WhatsApp yokha basi mwezi watha. Inayamba mu 2009, Facebook nkuigula mu 2014 pa ndalama pafupifupi madola 19 biliyoni, ndipo kuyambira 2016 mameseji ake amatsekedwa kuchoka pa foni kufika pa foni moti a netiweki sangawerenge. Apa SMS imagonja poyera, ilibe loko wotero, ndipo SS7 ija inapangidwa nthawi yomwe makampani a mafoni anali ochepa okhulupirirana nde ili ndi mipata. Akuba akuno safunanso luso lonselo, amangokuimbira mwaulemu kuti tatumiza nambala molakwika tatiwerengereni, kapena kukatulutsa simu ina m'dzina lako. Musamapereke nambala yachinsinsi imeneyo kwa aliyense chonde, olo atati ndi abusa.

Koma WhatsApp ili ndi chilema chake chomwe tinachizolowera mpaka sitichionanso. Ndi ya kampani imodzi. Wa WhatsApp sangalembere wa Telegram. Pomwe SMS, wa NetOne amalembera wa Econet, wa Telecel amalembera wa TNM, foni ya mtundu uliwonse, popanda kufunsana kuti uli pa chani. Tsiku lomwe Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinagwa limodzi kwa maola angapo mu October 2021 anthu tinaona mmene mazira onse tinawaikira malo amodzi, magulu a tchalitchi, maoda a bizinesi, zonse zinaima.

Makampani a mafoni yankho lawo ndi RCS, yomwe bungwe lawo la GSMA likukankha kuti ilowe m'malo mwa SMS. Ili ndi zithunzi, magulu, kuona kuti wawerenga, koma ikukhala mu pulogalamu ya mameseji yomwe imabwera ndi foni ndipo ndi muyezo wa onse osati wa kampani imodzi. Google inaigwira mwamphamvu pa Android, Apple inakana kwa zaka nkudzailowetsa mu iPhone mu 2024 ndi iOS 18. Pa pepala ndi yabwino ndipo ndimaifunira zabwino. Koma kunoko sindikuona ikuphula kanthu msanga, chifukwa chake nchophweka: RCS imadya data wamba, bandulo ya WhatsApp siigwira. Munthu wa dola imodzi asankha chani? Nkhondo ya mameseji kuno sidzapambanidwa ndi luso, idzapambanidwa ndi mtengo wa bandulo. Ndipo pa kambudzi RCS kulibe nkomwe.

Chomwe chikundipatsa chidwi zedi ndi masatelaiti. Sindikunena mbale ya Starlink ija anthu akhomera pamadenga chilolezedwereni kuno mu 2024, ku Malawi inafika 2023, imeneyo ndi intaneti ya pakhomo. Ndikunena foni wamba ya m'thumba kuyankhula ndi satelaiti yokha popanda mbale. A 3GPP anaika zimenezi mu malamulo awo a Release 17 mu 2022, chaka chomwecho iPhone 14 inatuluka ndi meseji ya pangozi yodutsa pa satelaiti, kenako ku New Zealand ndi ku America makampani ena anayamba kulumikiza mafoni wamba ku masatelaiti a Starlink. Ndipo mukudziwa anayambira pa chani? Pa meseji ya zilembo. Chifukwa satelaiti ili makilomita mazana angapo m'mwamba, foni mphamvu yake ndi yochepa, chomwe chingadutse mosavuta ndi kanthu kakang'ono kosathamangira nthawi. Kwa munthu wa kumudzi komwe nsanja sidzamangidwa zaka khumi zikubwerazi, izi nzofunika kuposa 6G yonse, bola mtengo ukhale wa anthu ndipo oyang'anira za mafoni, a POTRAZ kuno ndi a MACRA kwathu, agwirizane nawo za mafunde.

Palinso luso lina lakale lomwe lili kale mu muyezo kuyambira nthawi ya 2G, Cell Broadcast. Nsanja imangolengeza uthenga umodzi ku mafoni onse omwe ali m'dera lake nthawi imodzi, siifuna kudziwa nambala ya munthu, siipanga mzere ngati SMS yomwe imapita mmodzimmodzi. Ku Japan amachenjezera nayo zivomezi. Ndikakumbuka namondwe Idai ku Chimanimani mu March 2019, ndi Freddy mu March 2023 matope atatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ife kuno tikuimba manambala a abale osalowa usiku wonse, ndimaona kuti tikamakamba za netiweki ya mtsogolo tiziyambira pamenepa. Chenjezo lofika pa foni iliyonse m'chilankhulo cha anthu a deralo, ndi nsanja zokhala ndi mabatire oti zipirire magetsi akapita. Mphepo ikagwetsa mapolo netiweki imafa nthawi yomwe ikufunika kwambiri, nde apa satelaiti ija ingagwire ntchito yooneka.

Nanga 2G idzazimitsidwa? Maiko ena anayamba kale. AT&T ku America inatseka 2G mu 2017 ndi 3G mu 2022, Australia inatseka 3G mu 2024, ndipo ku South Africa boma linakambapo zoti zonse ziwiri zithe pofika kumapeto kwa 2027. Makampani ali ndi zifukwa zomveka, kusamala mibadwo inayi ya zida pa nsanja imodzi nkodula, ndipo mafunde a 900 MHz omwe 2G yakhalira ndi abwino kwambiri kufikitsa 4G kumidzi. Ine monga wokwera nsanja ndingakondwe, zida zochepa, katundu wochepa pa chingwe. Kumaiko ambiri 3G nde ikuyamba kupita, 2G nkutsalako chifukwa cha mafoni a mabatani ndi timakina tolipirira. Kuno ndikuona zidzayenda choncho, ndipo ndikanakonda asathamange mpaka USSD ndi mawu zitasamukira bwinobwino ku 4G ndiponso foni yotchipa ya 4G itafika m'manja mwa anthu.

Amalume anga a ku Highfield anandifunsa mwezi watha kuti akufuna kutumizira agogo foni yatsopano pa basi, agule yotani, ya tachi kapena? Ndinawauza kuti amalume musavutike ndi ya tachi, agogo maso anafooka ndipo kotchajira nkutali, batire ya tsiku limodzi siwathandiza. Agulireni ya mabatani yomweyo koma muonetsetse pa bokosi palembedwa 4G ndi VoLTE, zilipo masiku ano ndipo kusiyana mtengo si kwakukulu. Anati nanga ogulitsa akandinamiza? Ndinati muikemo simu pompo mu shopu, muimbe nambala yanga, muone ngati 4G ikhalebe pamwambapo. Ikatsika musafulumire kuda foni, mwina ndi simuyo sinatsegulidwe VoLTE, mukafunse kaye ku ofesi ya netiweki yanu musanalipire.